Bwato la kudimba

Amayi, kodi kumene munapitako mwakhala motani? Ife kuno tilipo, Mulungu akutisunga.

Ndikulemba m'Chichewa chifukwa ndicho chokha chimene dzanja langa linaphunzira. Chiyao chathu chinatsalira pakamwa. Mudzamva, monga munkawamvera amalonda a ku Balaka pamene ankafuna kukuchenjererani pa nsomba zouma. Kalata iyi sipita ku positi. Makalata a masiku ano amafika atawerengedwa kale, ndipo zimene ndikufuna kunena si za maso a munthu wina.

Ndiyambe ndi za pakhomo. Mvula ya chaka chatha inachedwa, koma mpunga wa kudambo unabereka. Chimanga chinali chapakati. Nyanja ya Chiuta yaphwa kwambiri, mabwato akugona pamatope, ndipo nsomba za makumba zachepa. Achemwali anga, Abiti Kasimu, alipo, ngakhale mawondo akuwavuta. Lilime lawo silinakalambe. Mwana wawo wamkulu, Asiyatu, amene munamusiya akupita kusukulu wopanda nsapato, anaphunzira mpaka kumapeto. Tsopano ali ku Balaka, pa ntchito ya madokotala a ziweto. Wamng'ono, Patuma, anakwatiwa, ndipo wabereka mwana wamkazi. Tamutcha dzina lanu. Ali ndi chipumi chanu, ndipo salira popanda chifukwa.

Mwamuna wa Patuma simukumudziwa. Dzina lake ndi Che Jafali. Anachokera kutsidya, ku Mozambiki, pamene nkhondo inafika kumudzi kwawo. Anawoloka m'mabango ndi malaya amene anavala okhawo. Za kwawo sanena, ndipo ine sindifunsa. Ndi munthu wa ntchito. Ndinamupatsa ng'ombe zanga ziwiri zapagoli, Bulaki ndi Kapezi, kuti aziziyang'anira, ndipo zinanenepa m'manja mwake. Koma mukudziwa mmene mkamwini amakhalira pamudzi wa eni, makamaka wopanda abale omuyankhulira. Khadi la chipani ali nalo, amayenda nalo m'thumba ngakhale popita kukasamba. Komabe anthu akamutchula amati "uja wa kutsidya".

Iye ndi apongozi ake, achemwali, amasunga mwambo monga munatiphunzitsira. Sayang'anana, sayankhulana. Akaonana panjira, wina amalowa patchire. Kudimba achemwali amapita mmamawa, iye amapita dzuwa litakwera, kuti asakumane. Anthu ankatiyamikira kuti pakhomo pathu pali ulemu. Ulemu umenewo ndiwo unatsala pang'ono kutiphera munthu.

Mukukumbukira bwato lakale la abambo, limene linang'ambika kumutu, munalikokera kudimba pafupi ndi chitsime. Munkathiramo ndowe za mbuzi ndi madzi, n'kuzisiya zigone, kenaka n'kumathirira mpiru ndi madziwo. Munkati, "Dimba silidya zouma." Mukathira, munkaika nsungwi yotakasira chopingasa pamwamba pa bwato, ndipo ife ana tinkadziwa kuti madzi amenewo sakhudzidwa. Mutapita, mbuzi zinatha ndi matenda, bwato linakhala lopanda ntchito. Che Jafali atabwera analipeza lili chomwecho, analitsuka, nayamba kumwetseramo ng'ombe. Palibe amene anamuuza za nsungwi. Sitinaganize kuti n'zofunika kunena.

Zaka zino kunabwera feteleza watsopano, woyera, wa timibulu ngati mazira a nsomba. Amamutcha yuleya. Thumba lathu lina linatsala theka, linalowa chinyontho m'nyumba, feteleza n'kuuma gwa ngati mwala. Linakhala pakona miyezi yambiri. Ndatchula zimenezi kuti mumvetse zotsatira.

Mwezi watha, dzuwa lili pa ukali wake, tinakuchitirani sadaka. Tinaitana ashehe, abale a ku Nayuchi, ndi anansi onse. Asiyatu anabwera pa sitima. Tinaitananso a tcheyamani a chipani a dera lino, chifukwa masiku ano phwando losawaitana limasanduka msonkhano wachinsinsi. Anabwera ndi anyamata awo a malaya ofiira, amene amayenda ndi ndodo. Masiku omwewo anali atalamula kuti mudzi uliwonse upereke mphatso ya msonkhano waukulu wa ku boma. Ena anauzidwa mazira, ena nkhuku. Ife, popeza tili ndi ngolo, anatiuza nkhuni, ndipo zinayenera kufika ku siteshoni mawa lake la sadaka. N'chifukwa chake Che Jafali sanakhale nafe pa duwa, pemphero la sadaka. Analawirira kuphiri ndi ng'ombe kukatuta nkhunizo.

Ashehe atamaliza kuwerenga, tinadya. Mpunga unali wa kudambo kwanu. A tcheyamani anadya bwino, anawonjezera. Mbuzi yachiwiri mwa zimene tinagula inali itangozingidwa kumene chifukwa cha alendo ochedwa, akazi asanatsuke n'zam'kati zomwe. Pamenepo ndinaona Che Jafali akubwera chothamanga. Munthu ameneyo ndinali ndisanamuonepo akuthamanga. Anagwada patali, nati, "Bambo, Bulaki wagwa."

Tinapita kudimba, ndipo khamu lonse linatitsatira. Bulaki anali atagona chammbali pafupi ndi bwato, mimba itafufuma ngati ng'oma, thovu kukamwa, miyendo ikupalasa fumbi. Tili chiimire anatambasuka, nasiya kupuma. Kapezi anali chiimire, koma thupi lonse likunjenjemera, akukukuta mano, akudzandira ngati woledzera. Kenaka anagwada, nagona.

Ndinafunsa kuti zadya chiyani. Che Jafali anati, "Sizinadye kanthu, bambo. Zinali ndi ludzu. Ndinazimasula, zinamwa m'bwato monga masiku onse. Bulaki ndiye anamwa kwambiri."

Mmodzi wa anyamata aja anakuwa, "Wazithirira mankhwala! Anthu a kutsidyawa timawadziwa!" Mnzake anati, "Dzulo zinali zamoyo, lero zamva za msonkhano zafa?"

A tcheyamani sanakweze mawu. Anati, "Che Twaibu, ng'ombe zimene zinayenera kunyamula katundu wa msonkhano zikufa tsiku limodzi, m'manja mwa munthu amene sitidziwa kwawo. Imeneyi si nkhani ya ng'ombe. Ndi nkhani youkira."

Amayi, mawu amenewo inu simunawamve kawirikawiri, koma ife tikuwadziwa. Munthu akatchulidwa nawo amakwera galimoto, ndipo abale ake amaphunzira kusafunsa. Anyamata anatenga chingwe cha pagoli, namumanga Che Jafali manja kumbuyo, namukhazika padzuwa. Iye sanalimbane. Anangoyang'ana pansi. Patuma anagwa pamapazi anga ndi mwana kumsana, nati, "Amjomba, yankhulani!" Ndinamuuza kuti adzuke. Paja munkati pakamwa pa mkulu ndi nkhokwe, sipatsegulidwa musanaone chimene chili m'kati.

Ashehe anayandikira ndi mpeni umene anazingira mbuzi. Anati, "Che Twaibu, nenani msanga. Tizinge iyi isanafe. Ikafa yokha ndi haramu, mutaya zonse ziwiri." Anali kunena zoona, ndipo anthu ambiri anavomera. Ena anali atayamba kale kuyang'ana ntchafu za Kapezi.

Nthawi yonseyi Asiyatu anali atagwada pa bwato. Anakanda m'mphepete mwake, pamene madzi anaphwera n'kusiya zoyera. Ananyambita chala, nalavula. Anapita kwa Bulaki, natsegula kukamwa kwake, nanunkhiza. Atatero anabwera kwa ine, nagwada, nati motsitsa, "Amjomba, musazinge. Matendawa ndikuwadziwa. Ikhoza kufa ndithu, sindikulonjeza. Koma ikazingidwa, alamu anga azingidwa nayo pamodzi, chifukwa palibe adzakhulupirire zimene ndinene."

Ndinayang'ana mpeni, ndinayang'ana munthu womangidwa. Ndinati, "Ashehe, bwezani mpeni."

Anati, "Mwaganiza bwino?"

Ndinati, "Ndanena."

Asiyatu anaimirira, ndipo mawu ake anasanduka anu. Analamula akazi kuti abweretse madzi onse a bwemba amene anaviika kuti alendo amwe, afinyiremo mandimu onse amene angapezeke, ndi kutunga madzi ozizira a m'mitsuko ya m'nyumba. Amuna anagwira Kapezi nyanga, namudzutsa mutu pang'ono. Asiyatu analowetsa botolo pambali pa kamwa, namwetsa pang'onopang'ono, zowawasa kenaka zozizira, zowawasa kenaka zozizira. Wina akafulumira ankati, "Iyayi, itsamwa! Mukufuna kuimiza pamtunda?" Nsalu yake yatsopano ya sadaka inadzaza thovu ndi matope.

A tcheyamani anaonerera, kenaka anati, "Mayi wa ku Balaka, tiuzeni. Ng'ombe yadwala chiyani?"

Anayankha, "M'madzi a m'bwatomu muli yuleya wambiri, bambo. Ndiye wapha Bulaki."

A tcheyamani anapukuta manja pa mpango, nati, "Ndimve bwino. Inu, wolandira malipiro a boma, mukunena pamaso pa anthu onsewa kuti feteleza amene boma latibweretsera ndi poizoni?"

Tsopano chingwe chinali ndi malo a anthu awiri. Achemwali anali kumbuyo kwa akazi, atagwira pakamwa.

Asiyatu anagwada, nati, "Iyayi, bambo. Feteleza ndi wabwino, chimanga chathu chikuchitira umboni. Mcherenso ndi wabwino m'ndiwo, koma sitiuthira m'maso. Mundilole ndikuonetseni, kuti musamve za ine koma za mphuno yanu."

Anatumiza kuti abweretse chifu cha mbuzi imene inangozingidwa ija. Anafinya zam'kati mwake pa kansalu, natenga madzi obiriwira. Anaika makapu atatu pansi. M'kapu yoyamba anathira madzi a m'chifu ndi madzi a pachitsime. M'yachiwiri, madzi a m'chifu ndi madzi a m'bwato. Madzi a m'chifu otsala anayamba wawawiritsa pamoto, kenaka anawathira m'kapu yachitatu pamodzi ndi madzi a m'bwato. Anavundikira onse ndi mbale, nawaika padzuwa. Anati tidikire.

Kudikira kumeneko kunali kwautali. Kapezi anali kubuula. Anyamata anali kugogoda ndodo pansi. Mmodzi anati, "Izi ndiye za ufiti wa kusukulu." Ndinaona kuti Asiyatu akuopa bata, chifukwa bata likatalika a tcheyamani akanatopa n'kulamula kuti anyamuke ndi munthu wawo. Choncho ndinamufunsa mokweza kuti afotokoze chimene chili m'makapumo. Ndilemba monga ndinamvera. Ngati ndalakwitsa, cholakwa ndi cha makutu anga.

Anati m'chifu cha ng'ombe ndi cha mbuzi mumakhala tizilombo tosaoneka ndi maso, tochuluka kuposa mchenga. Si ta matenda. Ndito timagayira chiweto udzu. Tina mwa ito timasula kachida kakang'ono, kamene ophunzira amati enzaimu. Kachidako kali ndi ntchito imodzi yokha: kudula yuleya pakati. Udzu sikaudziwa, madeya sikawadziwa. Kakadula, pamatuluka mpweya woluma m'mphuno, uja timaumva m'khola la mbuzi mmamawa. Mpweya umenewo ndi chakudya cha tizilomboto, ndipo m'nthaka ndiwo umasanduka chakudya cha chimanga, chifukwa m'nthakanso muli tizilombo ta zida zomwezo.

Ashehe anafunsa kuti kachidako kamaoneka bwanji. Asiyatu anati kali ngati mafuwa: zigawo zitatu zofanana zotsamirana, ndipo chigawo chilichonse chili ndi kakamwa kake. M'kakamwamo muli timibulu tiwiri ta chitsulo, ngati mano awiri, timene timagwira yuleya. Pamwamba pali kachivundikiro kamene kamatseka yuleya akalowa, n'kutseguka ntchito ikatha. Anati popanda chitsulocho kachida ndi mpini wopanda khasu, ndipo pali antchito ena m'kati mwa kachilombo amene ntchito yawo ndi kukhomera chitsulocho basi. Moto umakapinda kachidako, sikagwiranso. Kuzizira kumakachedwetsa. Zowawasa zimagwira mpweya uja kuti ukhale m'chifu, usalowe m'magazi. N'chifukwa chake anamwetsa Kapezi zimene anamwetsa.

Ashehe anati, "Subuhana Llah. Mpaka osula ali m'mimba mwa ng'ombe."

A tcheyamani anati, "Nanga ngati zidazo zili m'mimba masiku onse, bwanji ng'ombe sizifa masiku onse?"

Asiyatu anati funso limenelo ndi la nzeru, ndipo ndinaona kuti mawuwo awakomera. Anafotokoza kuti tizilomboto sitisula mwachisawawa. Tina ta m'nthaka timadikira mpaka chakudyacho chifike, ndipo pokhapo timayatsa moto wosulira. Tina timasula tikamva njala, ndipo mpweya uja ukachuluka timaleka, chifukwa takhuta. M'chifu zida zimakhalamo zokonzeka nthawi zonse, popeza ng'ombe yokha imatumizako yuleya pang'ono kudzera m'malovu ake. Pang'ono pamenepo timadula n'kudya, osatsala. Koma ng'ombe yaludzu, ya m'mimba mopanda kanthu, ikameza wambiri nthawi imodzi, zida zonse zimagwira ntchito pamodzi, mpweya umachuluka kuposa amene angaudye, n'kulowa m'magazi.

Ndinafunsa kuti, "Si wanena kuti tikakhuta timaleka?"

Anati, "Timaleka kusula zatsopano, amjomba. Koma zida zimene zasulidwa kale sizimva kuti leka. Zimangodula chilichonse chimene chalowa m'kamwa mwake."

Ndinayang'ana anyamata a ndodo aja.

Mthunzi wa mpapaya utasuntha, Asiyatu anati nthawi yakwana. A tcheyamani anatuma mnyamata kuti ayambe. Anavundukula kapu yoyamba, nati, "Fungo la matumbo basi." Anavundukula yachitatu, yowiritsa ija, nati, "Msuzi wosakoma." Yapakati a tcheyamani anati anunkhiza okha. Anaiyandikiza kumphuno ndi kukoka mpweya wonse, monga munthu wotsimikiza kuti mulibe kanthu. Mutu unabwerera m'mbuyo. Anatsokomola, misozi inatsika masaya onse awiri. Gogo wina wa ku Nayuchi, amene samva bwino ndipo sadziwa kunong'ona, anati, "Taonani chifundo, a tcheyamani akulira Bulaki." Anthu analuma milomo. Ine ndinayang'ana kumwamba.

A tcheyamani atapukuta maso anati, "Chabwino. Ndaona. Feteleza alibe mlandu, analowa malo osayenera." Kenaka anati, "Ndiye anamulowetsa ndani? Feteleza sayenda yekha kuchoka m'nyumba kudzagona m'bwato. Wathira ndi yemweyu."

Che Jafali anati, "Sindinathire, bambo. Ndinangochotsa nsungwi imene inali pamwamba, kuti ng'ombe zimwe bwino."

Amayi, atatchula nsungwi ndinadziwa zonse. Inali pomwepo pa udzu, kunsonga kwake kuli zoyera. Ndinakumbukira thumba louma lija, limene mmawa umenewo sindinalione pakona. Ndinayang'ana mpiru wa achemwali, wofota ndi dzuwa. Ndinayang'ana achemwali. Nkhope yawo inali ngati phulusa. Iwo anachita monga munkachitira: anatenga chouma, nachiviika m'bwato, naika chizindikiro. Mkamwini anachita monga amachitira masiku onse. Wina anayankhula ndi nsungwi, wina sanaphunzire chiyankhulo cha nsungwi, ndipo mwambo unawaletsa kufunsana.

Ndikanakhala chete, akanatenga bambo wa mwana amene ali ndi dzina lanu. Ndikanatchula achemwali, akanatenga mkazi wa mawondo otupa, amene sakanapirira ngakhale ulendo wokha. Ndinaona milomo yawo ikuyamba kugwedera, ndipo ndinadziwa kuti atsala pang'ono kudzitchula. Ndinayankhula iwo asanatero.

Ndinati, "A tcheyamani, wathira ndikumudziwa. Ndi amayi."

Anati, "Amayi ake ati?"

Ndinati, "Amayi anga. Eni sadaka."

Anthu anang'ung'udza. Ashehe anandiyang'ana, koma sanandidule. Ndinapitiriza. Ndinati bwato ili munalikokera kuno ndinu. Lamulo lakuti chilichonse chopita kudimba chiyambe chagona m'madzi munaika ndinu, ndipo akulu onse amene ali pano analimva pakamwa panu. Nsungwi yopingasa ndi chizindikiro chanu. Pakhomo pano palibe amene amathira kanthu m'bwato mwa nzeru zake. Timathira chifukwa munanena. Mlendo yekhayu ndiye sanamve lamulolo, chifukwa anafika inu mutapita.

Akazi achikulire anayamba kuvomera. Wina anati, "Eee, dimba silidya zouma, ankatero." Wina anati, "Nsungwi ija anandimenya nayo ndili mtsikana."

A tcheyamani anati, "Che Twaibu, musandiseweretse. Akufa sathira feteleza."

Ndinati, "Sathira, koma amalamula. Mpunga umene mwadya lero analamula ndi iwo. Ngati pali wopita naye ku boma, manda awo ali paseri pa mlambe apo. Ngati manda ndi olemera, tengani ine, amene ndimasunga mawu awo. Ng'ombe ndi zanga, feteleza ndi wanga, mbumba ndi yanga. Ndani amaukira boma pophera ng'ombe yake?"

Sindinayankhulepo mawu ambiri chotero pamaso pa anthu chibadwire.

A tcheyamani anayang'ana ashehe, anayang'ana khamu, anayang'ana kumlambe. Munkati munthu akadya mpunga wako, theka la mkwiyo wake limatsala m'mbale. Sindikudziwa ngati theka lotsalalo likanatikwanira. Koma pa nthawi yomweyo Kapezi anageya. Anageya kwambiri, moti mwana wa Patuma anadzidzimuka. Mimba inayamba kuphwa. Anatukula miyendo yakumbuyo, anakhala chogwada kanthawi, kenaka anaimirira, akunjenjemera, nataya madzi ambirimbiri pamaso pa ife tonse. Ashehe anati, "Alihamdulillahi," nabisa mpeni m'thumba.

A tcheyamani anati, "Mumasuleni." Anyamata sanasunthe. Ananenanso mokweza. Amene anapita kukamasula anayamba wakoka chingwe mwamphamvu, mpaka khungu la pamkono linang'ambika, ndipo pokhapo anamasula mfundo. A tcheyamani anaona, koma sanamudzudzule. Potembenuka anati, "Nkhani ya amayi anu ndaimva. Koma nkhuni zifike ku siteshoni mawa. Msonkhano sudziwa za ng'ombe."

Bulaki tinamukwirira kuseri kwa dimba, mozama, kuti agalu asafukule. Asiyatu analetsa kuti Kapezi amangidwe pagoli msanga. Choncho mawa lake nkhuni tinasenza pamutu, mbumba yonse, maulendo angapo, padzuwa. Ine ndinasenza. Ashehe anatumiza ana awo. Achemwali ndinawaletsa chifukwa cha mawondo, koma anandiyankha kuti, "Achimwene, dzulo munayankhula mokwanira chaka chonse. Lero khalani chete." Anasenza mtolo waukulu kuposa wanga.

Madzulo a tsiku limenelo, dzuwa lisanalowe, ndinaona chinthu chimene sindinayembekeze. Achemwali anagwira nkhuku yawo yoyera, napita nayo kunyumba ya Patuma, naipereka kwa mkamwini ndi manja awiri, monga mwambo umanenera pamene apongozi afuna kuti kuthawana kuthe. Che Jafali analandira atagwada. Kenaka achemwali anati, "Nsungwi ikakhala chopingasa, musamwetse."

Iye anati, "Ndamva, amayi."

Anati, "Ndipo dzanja limenelo mulithire mankhwala, lisatukusire. Ndani adzalima?"

Ndiwo mawu awo oyamba. Za amene anathira feteleza sanatchule, ndipo iye sanafunse. Ndikuganiza kuti akudziwa.

Sindinganene kuti nkhani yatha. Asiyatu anabwerera ku Balaka, ndipo mpaka lero sanaitanidwe kukayankha za mawu ake, koma tikamva galimoto kumsewu tonse timasiya chimene tikuchita. Anyamata aja akamadutsa amayang'ana pakhomo pathu nthawi yaitali. Che Jafali sapita kumsika yekha. Ndimapita naye.

Pokwera sitima Asiyatu anandifunsa ngati ndinakhulupirira za tizilombo take. Ndinati ndinaona misozi ya a tcheyamani. Anaseka. Sindinamuyamikire pamaso, chifukwa si khalidwe lathu, koma ndinamunyamulira katundu mpaka pakhomo la sitima, ndipo ndikuganiza kuti anamva.

Tsopano ndifike pa chimene ndalembera. Amayi, ndinakuikani pamlandu pa tsiku la sadaka yanu, pamaso pa ashehe ndi alendo. M'midzi yozungulira ayamba kale kunena kuti malemu a kwa Che Twaibu anapha ng'ombe ali m'manda, ndipo ana amaseka. Inu amene simunatayepo ngakhale mwanapiye. Ndinafufuza pakhomo ponse munthu amene chingwe sichingamugwire, ndipo ndinapeza inu nokha. Muli moyo munkaima pakhomo pamene abambo akwiya, ife n'kubisala kumbuyo kwa nsalu yanu. Ndakalamba, ndevu zayera, koma ndinabisalanso komweko, pamodzi ndi mbumba yonse. Ngati ndinalakwa, mudzandiuza tikaonana. Sindikuganiza kuti padutsa zaka zambiri.

Bwato sindinaliswe. Ena anati ndiliwotche, ndinakana. Talitsuka, ndipo likhala la dimba monga munafunira. Kapezi tamusemera chomwera china pafupi ndi khola. Mpiru wa achemwali wadzuka, chifukwa madzi otsala aja tinawasungunula ndi ambiri a pachitsime n'kuthirira. Ndi wobiriwira kuposa wa wina aliyense. Lamulo lanu silinali lolakwa.

Ndikulonjeza ziwiri. Mvula ikayamba ndidzabwera kudzalambula pamanda panu, ndipo ndidzabwera ndi Che Jafali, kuti mumuone munthu amene munamuombola. Ndipo mwana wa dzina lanu akadzayamba kuyenda, ndidzamutengera kudimba ine mwini, ndi kumuuza ndi pakamwa chimene nsungwi imatanthauza. Aliyense wofika pakhomo pano adzauzidwa, ngakhale mwambo utachita manyazi.

Mulungu akufewetsereni pogona. Mupereke moni kwa abambo, muwauze kuti bwato lawo likugwirabe ntchito.

Ine mwana wanu, amene sanaleke kukukondani ngakhale sananenepo,

Twaibu